Mzere wa Ogasiti mu Ubweya

A Lindsay Brennock anafika zaka 64 asanagwirepo kamera. Si kuti ankadana nayo, ayi. Kungoti m'nyumba mwawo ntchito zinagawika zokha kalekale popanda wokhalirana pansi: iwo nkhosa, mipanda ndi mapampu a madzi, akazi awo a Noeleen makalata, telefoni, nkhuku ndi kujambula. Kwa zaka makumi anayi, gawo la a Lindsay pa chithunzi linali kugwira nkhosa yamphongo pachibwano, kuiimika bwino miyendo, n'kumva mawu akuti, "Vulani chipewacho, nkhope siikuoneka." Chipewacho sankavula. Mukatsegula mabuku a zithunzi a m'nyumbamo mupeza munthu wamtali, nkhope ili mumthunzi, ataima pambali pa nkhosa yooneka bwino kumuposa.

Anabadwira pafamu yomweyo, makilomita 90 kuzambwe kwa tauni ya Hillston, kumene umaona fumbi la galimoto ya mlendo, n'kutereka madzi a tiyi, madziwo n'kuwira iye asanafike pageti. Sukulu anailekeza ali ndi zaka 14, chaka chimene bambo awo anathyoka mwendo. Bambo awowo ndiwo anayambitsa mtundu wa nkhosa za pafamupo mu 1951, ndi zazikazi makumi asanu ndi limodzi ndi yamphongo imodzi yodula kwambiri moti mayi a Lindsay anakhala sabata yathunthu osawalankhula. Kuchokera pamenepo inali ntchito yosankha chaka ndi chaka: iyi itsale, iyi ipite, iyi ikumane ndi iyo. Anthu a kuderali ankaidziwa nkhosa ya kwa Brennock ikadali patali, ndipo ometa ubweya ankalimbirana kuigwira chifukwa khungu lake linalibe makwinya ovutitsa lumo. Mwana mmodzi yekhayo wa a Lindsay, Rohan, anapita kumigodi kukayendetsa zimagalimoto zonyamula miyala. Nkhosa sanazifune, ndipo bambo ake sanamukakamize.

A Noeleen anamwalira mu Ogasiti 2006, Lachiwiri m'mawa, akuyanika zovala. Unali mtima. Adokotala anati sanamve ululu, ndipo a Lindsay anagwedeza mutu ngati akuuzidwa mtengo wa dizilo.

Pofika Febuluwale wotsatira, chilala chinali m'chaka chachisanu ndi chimodzi. Pa nkhosa zikwi zitatu za kale panatsala zazikazi 412, zosankhika zokhazokha, zimene munthu sagulitsa pokhapokha zitamuthina. Msipu kunalibe ngakhale wotolera mano. Zinkakhalira moyo balere wa m'nkhokwe yachitsulo ya kuseri kwa shedi, ndipo balereyo anali atatsala wa masiku khumi ndi awiri. Wina panalibe pomugulira. Akatha, njira inali imodzi basi: lole ya kophera nyama, kumene nkhosa ya zaka 56 za kusankha imayezedwa pasikelo imodzimodzi ndi ina iliyonse.

A Lindsay ankazidziwa zonsezi monga munthu amadziwira tsiku la mwezi. Ankadzuka 5 koloko, kumwa tiyi wopanda mkaka ndi buledi wowotcha, kukoka ngolo ya balere, kukhuthula pansi galimoto ikuyenda, kuyendera zomwera madzi, n'kubwerera. Masana ankatulutsa mbale imodzi mufiriji mwa zimene amayi a mafamu oyandikana anabweretsa pamaliro, iliyonse ndi kapepala ka dzina la mwini mbale. Ankatenthetsa, kudya, kutsuka, n'kuiika pa mulu wa mbale zoti adzabweze tsiku lina. Njala sankaimva, kukhuta sankakumva.

Lolemba lina telefoni inalira. Anali Warwick, mkhalapakati wogulitsa ziweto wa m'tauni, munthu wolankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Madala, ndakupezerani munthu. Mayi Rademaker, kummwera uko kufupi ndi nyanja, kumene anthu akudandaulabe za matope. Anagulapo yamphongo kwa inu mu 98. Akufuna zazikazi za magazi omwewo, zonse ngati zili bwino. Zoweta, osati zopha. Mwandimva?"

"Abwere adzaone."

"Makilomita 800? Sabwera. Akufuna zithunzi pofika Lachisanu, apo ayi atenga za wina. Nkhope, mano, ziboda, ndi ubweya wotsegula, wojambulira pafupi. Pa imelo."

"Ndiye bwera udzajambule."

"Madala, ndili ndi mafamu makumi atatu, onse akugulitsa. Mkazi wanga wayamba kundifunsa dzina pakhomo. Kwanuko ndifika pakatha masabata atatu. Balere watsala wa masiku angati?"

A Lindsay anasuzumira pawindo kuyang'ana nkhokwe.

"Ndimadziwa," anatero Warwick. "Tamverani, gulani kamera ya masiku ano, yopanda filimu. Mlamu wanu Glenys amagulitsa. Mwana wa zaka zisanu amatha kugwiritsa ntchito."

"Ndilibe mwana wa zaka zisanu."

"Muphunzira nokha ndiye. Lachisanu, madala."

Kamera ya a Noeleen inalipo, m'dilowa ya m'chipinda, filimu ili m'kati yojambulidwa theka. Koma filimu masiku amenewo inkapita kukatsukidwa kutali n'kubwera patatha masiku khumi. A Lindsay anatsegula dilowayo, n'kuyang'ana, n'kuitsekanso. Kenaka anatsitsa chitini cha ndalama za mazira pamwamba pa kabati. Nkhuku za a Noeleen anali atagawa kale kwa anthu. M'chitinimo munali madola mazana awiri ndi tindalama tachitsulo.

M'mawa mwake, atadyetsa nkhosa, anavala malaya ochapa n'kulowera m'tauni. M'thumba la malayawo anaikamo katsumba ka ubweya kokulunga m'pepala labuluu, kochokera pa nkhosa imene inapambana pachionetsero cha zaulimi mu 1994. Katsumbako kanali muyeso wawo wa zonse. Yamphongo iliyonse imene anagulapo anayamba aiyerekeza ndi kameneko, ndipo sanaone chifukwa chogulira kamera mwanjira ina.

Makamera ankagulitsidwa m'sitolo ya mankhwala, m'kabati yagalasi pakati pa mafuta oteteza kudzuwa ndi makadi a ukwati. Glenys, mng'ono wake wa a Noeleen, anali atagwira ntchito pakauntala imeneyo zaka makumi awiri, ndipo pakamwa pake panalibe buleki.

"Alamu, mwayamba kufanana ndi mitengo ya mpanda wanu. Mwadya?"

"Ndadya."

"Bodza. Lamba ameneyo mwabowola nokha ndi msomali, ndikuona. Mwabwerera chiyani, mapilitsi?"

"Kamera."

Glenys anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Inu? Akulu anga akanamva zimenezi akanaseka mpaka kukhala pansi."

A Lindsay anatembenukira ku shelefu ya mafuta a dzuwa n'kuyamba kuwerenga botolo limene sankatha kuliona bwino. Glenys anatenga makiyi a kabati. Iwo atamufotokozera za Warwick ndi Lachisanu, iye anatulutsa makamera awiri n'kuwaika pakansalu.

"Iyi ndi imene atsikana onse akugula," anatero, akuonetsa kakang'ono kapinki, kopyapyala ngati paketi ya fodya. "Ili ndi mamegapikiselo asanu ndi awiri."

"N'chiyani chimenecho?"

"Kaya. Amene amatibweretsera anangoti akachuluka ndi bwino. Chimene ndaona ine n'chakuti akachuluka mtengo umakweranso."

A Lindsay anamasula pepala labuluu n'kugoneka katsumba kaja pakauntala. Kanali kotalika ngati chala chapakati, koyera mbee, ndi timafunde tating'onoting'ono tofanana kuchokera kunsonga mpaka kutsinde. Wogula ubweya amawerenga timafunde timeneto monga m'busa amawerengera vesi.

"Ijambule aka. Timafundeti tikaoneka, ndigula."

"Anthu amafunsa za mtundu wa kachikwama kake, inu mwabwera ndi mayeso," anatero Glenys. Koma anawapatsa kapinkiko.

Chala chawo chachikulu chinadina mabatani atatu nthawi imodzi, kamera n'kuyamba kuimba kanyimbo. Glenys anaikonza, iwo n'kuyesanso. Pakagalasi ka kumbuyo panaoneka chinthu choyera chosadziwika mutu wake, ngati phala lotayikira. Anaibweza. Yachiwiri inali yaikulu, yakuda, yolemera bwino m'manja, ndipo inajambula katsumbako mpaka kaulusi kalikonse. A Lindsay anatembenuza kapepala ka mtengo, n'kupempha Glenys kuti awerenge. Madola mazana asanu kuchotsapo imodzi. Anaiika pansi pang'onopang'ono ndi manja awiri.

"Muli ndi zingati, alamu? Musandichititse manyazi, nenani."

"Mazana awiri."

"Mvula ikakuona litsiro siikata," anatero Glenys. "Kungoti kuno ngakhale imeneyo siikubwera. Dikirani."

Anapita pawindo la sitolo n'kuchotsa kamera yachitatu pakati pa maluwa apulasitiki. Inali ya chaka chatha, yonenepa, yosuluka mbali imodzi chifukwa chokhala padzuwa miyezi khumi. Mabatani ake anali aakuluakulu ndi otalikirana. Inkagwira ntchito ndi mabatire a tochi, amene a Lindsay anali nawo bokosi lathunthu kushedi. Pa batani lina panali chithunzi cha kaduwa.

"Kaduwa aka ndi ka zinthu zapafupi. Amayi a kutchalitchi amajambulira maluwa awo a pachionetsero. Mudine kameneka poyamba. Ndiye batani lapamwambali musalisindikize ngati mukupha nkhupakupa. Dinani pang'ono, mudikire ilire kuti pii, kenaka mumalize."

Anasindikiza ngati akupha nkhupakupa. Kachiwiri chimodzimodzi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu. Akulu anga anakupirirani bwanji zaka makumi anayi?"

Kachitatu anagwira mpweya, n'kudina pang'ono. Kamera inaganiza, n'kulira. Anamaliza. Glenys anakulitsa chithunzicho pakagalasi, n'kuwabwereka magalasi ake a mafelemu ofiira, pakuti awo anali atasowa kuyambira mwezi wa maliro ndipo wowapezera zinthu zosowa kunalibenso. Timafunde tonse tinali pamenepo, kamodzikamodzi. A Lindsay anatiwerenga.

"Iyi," anatero.

Mtengo wake unali madola 189, koma kakadi kosungira zithunzi kanali kogula padera, ndipo apo ndalama sinakwane. Glenys anatsegula chikwama chake, n'kutulutsa kakadi m'kamera yake, n'kukalowetsa m'yatsopanoyo.

"Muli zithunzi za adzukulu anga mmenemo. Mukazifufuta ndikumetani ndi lumo la nkhosa. Mubwere Lachinayi tidzatumize pakompyuta ya pano."

Lachitatu anasonkhanitsa nkhosa m'khola mothandizidwa ndi Biddy, galu wawo wokalamba amene ankadziwa ntchitoyo kuposa anthu ambiri. Dzuwa linali loswa mtengo. Nkhope, mano ndi ziboda sizinavute kwenikweni: nkhosa pakati pa mawondo, dzanja limodzi pachibwano, lina pakamera. Ubweya ndiwo unawaimitsa mutu. Kutsegula ubweya paphewa la nkhosa kumafuna manja awiri, kamera ikufunanso lake, ndipo Mulungu anawapatsa awiri okha. Akangochotsa dzanja, ubweya unkatsekeka.

Anaima kanthawi, n'kupita kuseri kwa nyumba. Kathumba ka zopanira zovala kanali kakadali pachingwe pamene a Noeleen anakasiya. Miyezi yonseyi iwo ankayanika malaya pamipando ya pakhonde kuti asapite kumeneko. Anakachotsa, n'kukakutumula fumbi, n'kubwerera kukhola. Zopanira zitatu mbali iyi, zitatu mbali iyo, ubweya unakhala chitsegukire mpaka pakhungu. Anadina kaduwa, kudina pang'ono, kudikira kulira, kumaliza. Pakagalasi sankaona chilichonse chifukwa cha dzuwa, ndipo ubweya weniweniwo, pafupi chonchi popanda magalasi, unali chifunga choyera. Anangokhulupirira kulirako. Anajambula nkhosa makumi atatu, kusintha mabatire kawiri, n'kubweza zopanira zonse m'kathumba.

Lachinayi, nthawi ya chakudya cha masana sitolo ili zii, Glenys anawalowetsa m'kachipinda ka kumbuyo n'kulumikiza kamera kukompyuta. Zithunzi zinayamba kutuluka, zazikulu ngati thireyi.

"Nsapato yanu. Nsapato inanso. Khutu la Biddy. Kumwamba, kopanda mtambo, zikomo potikumbutsa. Eya, mano awa ali bwino. Nkhope iyi ndi ya kwa Brennock yeniyeni, yonyada ngati apongozi ake a akulu anga."

Kenaka panabwera ubweya, pakati pa zopanira zisanu ndi chimodzi zamitundumitundu. Glenys anaziona zopanirazo, n'kuzizindikira. Chithunzicho chinali chakuthwa kuposa cha m'sitolo chija. Timafunde tinkatsika bwinobwino kuchokera kunsonga, ndiye chapakatikati panali mzere wopyapyala wodutsa mopingasa, pamene ulusi uliwonse unawonda ngati watsinidwa. Pansi pake timafunde tinkayambiranso. Chithunzi chotsatira, nkhosa ina, mzere womwewo pamalo omwewo. Chotsatiranso chimodzimodzi.

Glenys anali mwana wa munthu wosankha ubweya m'mashedi ometera, sanafunikire womuuza. Nkhosa ikavutika kwambiri, ndi matenda kapena njala yadzidzidzi, ubweya umene ukumera masiku amenewo umatuluka wowonda, ndipo nkhosa ikachira chipseracho chimakwera ndi ubweya pamene ukukula. Ubweya wotero umaduka m'makina, mtengo wake umagwa. Ndipo popeza umakula mofanana mwezi ndi mwezi, munthu wodziwa amatha kuwerenga kuti vutolo linagwa liti.

"Munameta liti, alamu?"

"Epulo."

Glenys anaika chikhadabo pagalasi la kompyuta, n'kutsika nacho kuchokera kunsonga, mwezi ndi mwezi. Chinaima pamzere paja.

"Ogasiti," anatero chapansipansi.

Zimene zinachitika mu Ogasiti palibe ankazidziwa. Maliro atatha, anansi anathandiza kudyetsa nkhosa sabata imodzi n'kubwerera kumavuto awo. Rohan anakwera ndege. A Lindsay anakhala pampando wa kukhitchini kuti amwe tiyi, ndipo sanadzukepo masiku asanu ndi anayi, kupatula kupita kuchimbudzi ndi kukagona. Nkhosa zinali ndi ana nthawi imeneyo. Ankazimva zikulira pageti m'mawa ndi madzulo, koma kulirako kunkawafika ngati wailesi ya m'nyumba ya eni. Tsiku lakhumi masamba a tiyi anatha, anatuluka panja, n'kupeza zazikulu khumi ndi imodzi zitafa, ndi ana osawerengeka. Anazikokera kudzenje ndi thirakitala, n'kukwirira. Kuchokera tsiku limenelo sanajombepo kudyetsa ngakhale kamodzi, komanso sanatsegulepo ubweya wa nkhosa iliyonse kuti auyang'ane.

Anamuuza Glenys zimenezi m'mawu ochepa, akuyang'ana kompyuta. Glenys anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chala.

"Bwanji osandiimbira, chitsiru cha munthu inu?"

"Sindinaganize."

"Chabwino. Tamverani. Pali zinayi izi munajambulira patali pang'ono, kaduwa mutaiwala. Ubweya ukuoneka woyera, mzere sukuoneka. Titumize zimenezi."

A Lindsay anaimbira Warwick pafoni ya m'sitolo. Warwick anali m'galimoto, akukuwa pamwamba pa phokoso la injini.

"Tumizani zokongolazo, madala. Chaka chino ubweya wa aliyense uli ndi kena kake. Mayiyo akaona mzere pa nkhosa zonse aganiza za matenda, athawa, ndipo ine ndilibe wogula wina. Zikakafika kwake zafika."

A Lindsay anabweza foni pamalo pake. Tisawanamizire kuti anadzimva olungama kapena olimba mtima, ayi. Anangomva kutopa. Dzenje lija analisenza okha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo analibe msana wosenzeraponso chinthu china chobisa.

"Tumiza zakuthwazo."

"Alamu, mukudziwa kuti chithunzi chimenechi chikhoza kuzipereka kumpeni zonse 412?"

"Ndikudziwa. Kamerayi ndinaisankha kuti izioona ubweya. Yauona."

Glenys anawayang'ana nthawi yaitali, n'kutukwana pang'ono chamumtima, n'kutumiza zithunzi makumi awiri. Kenaka anapita kukagula mapayi awiri a nyama patsidya pa msewu ndipo anawaimirira mpaka atamaliza yawo.

Lachisanu anadyetsa nkhosa monga mwa masiku onse. Anagogoda nkhokwe ndi sipanala kuti amve pamene balere walekezera. Anali atatsala wa masiku asanu ndi atatu. Anakhala kukhitchini. Telefoni inalira cha m'ma 2 koloko, ndipo anaisiya ilire kanayi.

"Bambo Brennock? Ndine Rademaker. Zithunzi ndaziona. Nkhope ndi mano ndilibe nazo mawu. Koma ndisakuzungulireni, chinachitika n'chiyani mu Ogasiti? Ngati anali matenda mundiuze, ine sindingalowetse matenda pafamu panga."

Akanatha kunena kuti chilala, ndipo dziko lonse likanawavomereza. Koma chilala chinalipo mu Julaye, chinaliponso mu Sepitembala, ndipo mayiyu ankadziwa kuwerenga ubweya.

"Sanali matenda, mayi. Akazi anga anamwalira. Ndinakhala masiku asanu ndi anayi osazidyetsa."

Aka kanali koyamba kutchula mawu akuti anamwalira ndi pakamwa pawo. Pafoni, kutali uko, kunkamveka madzi akudontha padenga lamalata, ndipo a Lindsay anazindikira kuti kwa mayiyo kukugwa mvula.

"Pepani kwambiri," anatero mayi Rademaker. Kenaka mawu awo anabwerera kumalonda. "Ubweya umene zavalawo ndi wowonongeka, mukudziwa. Ndichotsa madola asanu ndi atatu pa iliyonse, ndipo zikangofika ndizimeta."

"Mukuzitenga?"

"Bambo Brennock, ine mzerewo ndinauona kamodzi n'kuusiya. Chimene ndakhala ndikuyang'ana usana wonse ndi cha pansi pake. Miyezi isanu ndi umodzi, kwanuko kopanda ndi udzu umodzi, timafunde tofanana ngati tojambula ndi rula. Pali munthu amene wakhala akuzinyamulira chakudya tsiku lililonse osaphonya. Nkhosa zimene zinadzuka pa zimenezo ndikuzifuna zonse. Malole abwera Lachiwiri."

A Lindsay anati zikomo, n'kuika foni pansi. Anadikira kuti amve chimwemwe, kapena mpumulo, chilichonse. Sichinabwere. Anatulutsa mbale mufiriji n'kuitenthetsa.

Lachiwiri kunabwera malole awiri aatali, a nsanjika zinayi. Madalaivala ankafulumira kuti achoke dzuwa lisanakwere, ndipo Biddy anagwira ntchito yake yomaliza mwaulemu, osauwa kwambiri. A Lindsay anaima pakanjira kokwerera akuwerenga, kamera ikulendewera pakhosi. Nkhosa yomaliza itafika, yazaka zinayi ya khutu long'ambika, anaigwira pachibwano, n'kutulutsa mpeni, n'kudula katsumba kamodzi paphewa, mpaka pakhungu. Kenaka anaimenya pang'ono pamsana, iyo n'kukwera.

Malole atanyamuka anakweza kamera, kudina pang'ono, n'kudikira. Siinalire. Kaduwa kaja kanali kakadali koyaka, ndipo kamera inkafunafuna chinthu chapafupi pamene zonse zinali zitapita patali. Mmene amapeza batani lozimitsira, kunali kutatsala fumbi lokha kumsewu. Anajambula fumbilo.

Pafamu panakhala bata limene sanalimvepo chibadwire. Anakhala pachitsulo cha khola, n'kutulutsa katsumba katsopano kaja. Bambo awo anawaphunzitsa kuyesa ubweya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu: umagwira nsonga zonse ziwiri, kukoka kuti kalimbe, kukafikitsa pakhutu, n'kukakhwatcha pakati ndi chala. Wabwino umalira ngati nsambo ya gitala. Anagwira, kukoka, n'kufikitsa pakhutu. Chala chisanakhudze n'komwe, katsumbako kanalekana kokha, popanda phokoso.

Anatsala ndi zidutswa ziwiri. Cha kudzanja lamanja chinali cha kutsinde, chimene mayi Rademaker anachiyamikira. Cha kumanzere chinali cha kunsonga, chachifupi, chodetsedwa ndi fumbi lofiira. Chimenechi chinamera kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, a Noeleen akuphika, akukalipira nkhuku, akuwauza kuti avule chipewa. Apa m'pamene chisoni chinawapeza, chonse nthawi imodzi, patatha miyezi isanu ndi umodzi. Anawasowa akazi awo mpaka m'mafupa. Analira mokweza, moipa, ngati munthu wosazolowera, chipewa chitagwera pansi, Biddy atakhala patali pang'ono akuyang'ana kwina.

Zitatha anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya. Anamasula pepala labuluu, n'kuika chidutswa cha kumanzere pambali pa katsumba ka 1994, n'kukulunga. Cha kumanja anachisiya pachitsulo, mphepo n'kuchitenga. Anatola chipewa, n'kuitana galu, n'kupita kukatseka geti la khola, ngakhale munalibe choti atsekere.